Disiki ikasowa pa seva, yambani mwafunsa kebulo

A Mkonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzipepala yanu kuti tilankhule ndi anzathu amene amayang'anira maseva m'maofesi, m'zipatala, m'masukulu ndi m'malo ogona alendo kuno ku Mangochi, kuyambira pa Boma mpaka ku Monkey Bay, ku Namwera ndi ku Makanjira. Nkhani yake ndi ya disiki imene imangosowa seva ili mkati mogwira ntchito. Nyali yake yasanduka yachikasu, foda imene anthu onse amasungiramo ntchito yakana kutseguka, ndipo mawu oyamba kumveka m'chipindamo ndi akuti "disiki yapsa". Isanakwane n'komwe teni koloko, kalata yopempha ndalama zogulira ina ku Blantyre yalembedwa kale. Nthawi zina disikiyo imakhaladi itatha. Koma kambiri imakhala ili bwinobwino, chatayirira ndi kakebulo ka theka la mita kamene palibe anakaganizirako. Kuzuka kwa kebulo pakokha sikutha mafayilo anu. Chimawatha ndi zimene manja a munthu amachita mu theka la ola lotsatira.

Tiyambe ndi kebuloyo. Disiki ya SATA, mtundu wofala wa kalumikizidwe ka madisiki, ili ndi mapulagi awiri: yaing'ono ya mapini 7 yodutsa deta, ndi yotakata ya mapini 15 yobweretsa magetsi. Makebulo otchipa alibe kachitsulo kokola, amangodalira kuthina kwa pulasitiki. Muyezo wa SATA umangolonjeza kuti pulagi ya m'kati mwa makina ipirira kuzulidwa ndi kubwezeretsedwa maulendo 50, ndipo kebulo siyenera kutalika kupitirira mita imodzi. Ndiye ganizirani moyo wa kebulo imeneyi kuno kunyanja. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 30 masana onse, pulasitiki imafewa, usiku n'kuumanso. Magetsi akathima jenereta imalira kuseri kwa khoma, tebulo n'kumanjenjemera. Seva zambiri za m'maofesi athu si za m'kabati yachitsulo ayi, ndi zija zoimirira zokhala pansi pa desiki, ndipo wokolopa amaikankhira uku lero, mawa uko. Chinyezi cha kunyanja chikasakanikirana ndi fumbi chimadetsa mapini. Onjezeranipo khoswe, nyerere ndi nalimata wofuna pofunda. Tsegulani chivundikiro cha m'mbali muone: kawirikawiri mupeza kebulo yapindidwa mwamphamvu pakhosi penipeni pa pulagi chifukwa chivundikirocho chimaikanikiza, kapena wina anaimanga ndi timalamba tapulasitiki mothinitsa ngati mtolo wa nkhuni, moti ikudzikoka yokha.

Ya magetsi nayo musaiiwale. Timakebulo togawa magetsi, tochokera ku pulagi yakale ya Molex kupita ku SATA, timabweretsa mavuto ambiri kuposa mtengo wake, ndipo totchipa tina timasungunuka n'kuyaka. Disiki ikamazima ndi kudzuka yokha, mukamva kulira kwa mota ikuyambiranso, kayang'aneni kumeneko kaye.

M'maseva a m'kabati madisiki salumikizidwa ndi kebulo iliyonse payokha. Amalowa m'matileyi n'kukagunda bolodi ya kumbuyo yotchedwa backplane, ndipo kuchokera pamenepo kupita ku khadi ya RAID, imene imaphatikiza madisiki angapo kukhala gulu limodzi kuti imodzi ikafa deta isatayike, pamayenda kebulo ya mini-SAS, ya mtundu wa SFF-8087 kapena SFF-8643. Kebulo imodzi yotere imanyamula njira zinayi. N'chifukwa chake madisiki anayi oyandikana akasowa pa sekondi imodzimodzi, palibe chifukwa cholirira madisiki anayi. Madisiki safa ngati nsomba zothiridwa katupe. Yazuka ndi kebulo imodzi, kapena magetsi a backplane.

Tsono chimachitika n'chiyani m'kati kebulo ikazuka? Pa Linux, kernel, mtima wa pulogalamu yoyendetsa makina, imadikira yankho la disiki kwa masekondi 30, nambala imene mungaione mu /sys/block/sdb/device/timeout ngati disikiyo ndi sdb. Yankho likapanda kubwera imayesa kudzutsanso njirayo, ndipo mukalemba dmesg -T muona mizere ngati "hard resetting link" ndi "SATA link down". Kebulo ikakhala yongotayirira, yogunda n'kumasiya, muonanso "limiting SATA link speed", kusonyeza kuti makina atsitsa liwiro kuchoka pa 6 Gbps kufika pa 3 kapena 1.5 poyesa kupeza polankhulirana bwino. Zikakanika zonse, disiki imachotsedwa kapena kulembedwa kuti offline. Pamenepo ext4, imodzi mwa njira zosanjira mafayilo pa disiki, ngati inaikidwa ndi errors=remount-ro, imaleka kulandira zolemba n'kutsala yongowerenga, pamene XFS, inzake ya ntchito yomweyo, imangodzitsekera. Uku si kuwonongeka, ndi kudziteteza. Pa Windows Server tsegulani Event Viewer, mbali ya System: nambala 157 ikutanthauza kuti disiki yachotsedwa modzidzimutsa, 129 kuti makina anachita kuidzutsanso, 153 kuti kuwerenga kapena kulemba kunachita kubwerezedwa.

Apa ndi pamene ambiri amalakwira koyamba: kuthimitsa ndi kuyatsanso. Musatero musanawerenge. Zimene dmesg ikuonetsa zimakhala mu memory, ndipo ngati disiki yosowayo ndi imene imasunga log, kaundula wa zochitika m'makina, mukangothimitsa umboni wapita. Komanso seva imene ikuyenda motsimphina ikhoza kukana kudzukanso. Jambulani sikirini ndi foni, lembani nthawi imene vuto linayamba, funsani ngati nthawi imeneyo magetsi anathima kapena wina analowa m'chipindamo. Ngati mafayilo akuwerengekabe, koperani ofunika kwambiri pa disiki ina musanagwire sikuluwu ngakhale imodzi.

Kusiyanitsa vuto la kebulo ndi la disiki si kolosera. Disiki iliyonse imasunga mbiri ya thanzi lake, yotchedwa SMART, ndipo mumaiwerenga ndi smartctl -a /dev/sdb. Yang'anani mizere inayi. Wa nambala 199, UDMA_CRC_Error_Count, umawerenga maulendo amene deta inawonongeka panjira pakati pa disiki ndi makina. Umenewu ukamakwera, wolakwa ndi kebulo, pulagi kapena doko, osati mbale za m'kati mwa disiki. Mizere ya 5, 197 ndi 198 ndiyo imanena za mbalezo: magawo amene anasamutsidwa chifukwa choipa, amene akudikira kusamutsidwa, ndi amene akanika kuwerengeka. Itatuyi ikakhala pa 0 pamene 199 ili m'mahandiredi, sungani ndalama zanu. Dziwani chinthu chimodzi chimene chimasokoneza anthu: nambala ya 199 sibwerera pa 0 mukasintha kebulo. Ilembeni pa pepala, mudzaionenso mawa ndi sabata yamawa. Ikaima pomwepo, mwachiza. Madisiki a SAS, mtundu wina wa madisiki a maseva, alibe mizere imeneyi. Kwa iwo onani "grown defect list" pa za mbale, ndi smartctl -l sasphy pa za njira, makamaka "invalid DWORD count" ndi "loss of DWORD synchronization".

Ngati 197 kapena 198 zakwera, nkhani yasintha ndipo zonse zimene tinene m'munsimu za kukonza zidikire. Disiki yodwala siipatsidwa fsck kapena chkdsk, chifukwa mapulogalamu okonza mafayilo amenewa amaiyendetsa ponseponse n'kumalembamo, n'kuimaliza. Imayamba yakopedwa yonse pa disiki ina yofanana kukula kapena yoposa, pogwiritsa ntchito pulogalamu yokopera yotchedwa ddrescue ndi fayilo yake ya mapu: ulendo woyamba ndi -n kuti itole zosavuta mwachangu, wachiwiri ndi -r3 kuti ibwerere pa malo ovuta katatu. Kukonza kumachitikira pa kopeyo.

Musanazule chilichonse, dziwani disiki imene mukufunayo ndi iti. Dzina loti sdb silitanthauza tileyi yachiwiri. Mayina amenewa amaperekedwa potengera disiki imene yayamba kuyankha, ndipo amasintha. Lembani lsblk -o NAME,SIZE,SERIAL, mufananize nambala ya serial ndi imene ili pa chikalata chomatidwa pa disiki. Disiki yosowayo sioneka pa mndandandawo, choncho mumaidziwa pochotsera zimene zikuoneka. Pa seva ya matileyi yatsani nyali yolozera, ndi ledctl locate=/dev/sdb kapena kudzera mu pulogalamu ya khadi ya RAID. Tikulimbikira pamenepa chifukwa RAID 1 kapena RAID 5 imene yataya kale disiki imodzi ilibenso pothawira. Mukazula yamoyo poganiza kuti ndi yakufa, gulu lonse lagwa, ndipo vuto la mphindi khumi lasanduka la masiku atatu. Safunsa adadya phula.

Kubwezeretsa kebulo seva ili chiyakire n'kotheka pokhapokha makinawo anapangidwira zimenezo: matileyi a backplane, kapena doko la SATA limene lili pa AHCI ndipo hot plug, chilolezo cholumikiza disiki makina ali chiyakire, ndi yotsegula mu BIOS. Mapini a ground pa pulagi ya SATA ndi otalikirapo dala kuti ayambe ndiwo kugunda, koma chitetezo chimenecho palibe pa Molex. Seva yoimirira ya pansi pa desiki ithimitseni mwadongosolo mutatha kuwerenga log, zulani ku khoma kapena ku UPS, batire yogwirizira magetsi akathima, dikirani masekondi 30 kuti mbale zileke kuzungulira, gwirani chitsulo cha bokosilo kuti muchotse magetsi a m'thupi. Ndipo musangokankhira kebulo yakaleyo m'malo mwake. Imene yatayirira kamodzi idzatayiriranso. Ikani yatsopano ya kachitsulo kokola, mumve kuti "tha". Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Mukasintha kebulo, doko ndi magetsi nthawi imodzi, vuto likhoza kutha koma simudzadziwa chinalakwa n'chiti.

Pa makina olola kubwezeretsa ali chiyakire pali kamsampha kena. Disiki inachoka ili sdb, ikubwera ili sde. Chifukwa chake n'chakuti dzina lakale likadagwiridwabe ndi foda yomangidwa pamenepo ndi mount kapena database imene sinatseke mafayilo ake. Foda yakaleyo idzapitiriza kukana ngakhale disiki yabwerera, chifukwa ikulankhula ndi mzukwa. Dongosolo lake ndi ili. Imitsani mapulogalamu amene akuigwira. Mukalemba fuser -vm pa fodayo, ikuuzani kuti ndi ati. Masulani ndi umount. Ngati dzina lakale likuonekabe, lichotseni ndi echo 1 > /sys/block/sdb/device/delete. Kenako uzani makina afufuzenso ndi echo "- - -" > /sys/class/scsi_host/host2/scan, kusintha nambala ya host kuti igwirizane ndi doko lanu. Nkhani ya kusintha mayinayi ndi imenenso ikuchititsa kuti mu /etc/fstab, fayilo youza makina disiki yomanga pa foda iliyonse, muzilembamo UUID, chizindikiro chimene sichisintha mayina akasintha, osati /dev/sdb1. Apo ayi tsiku lina backup idzalembedwa pa disiki yolakwika popanda wodandaula.

Disiki ikaoneka musathamangire kuitsegulira anthu. Pa ext4 yambani ndi e2fsck -fn, imene imangoona osasintha kanthu, muwerenge zimene yapeza. Zikakhala zochepa, bwerezani popanda n. Pa XFS yambani mwaimanga ndi mount kuti imalize zolemba zimene zinatsala mu log yake, imasuleninso, kenako xfs_repair -n. Pali chilembo chimodzi chimene anthu amakopera pa intaneti osadziwa ntchito yake, -L. Chimafufuta log ija, pamodzi ndi zosintha zomaliza zimene zinali m'menemo. Ndi cha pamapeto penipeni, mount itakaniratu, ndiponso mutakopa kale disikiyo.

Pa Windows mayeso ake ndi a maso. Disiki ikabwerera, mu Disk Management sankhani Rescan Disks. Ikaoneka kuti Offline, ibwezereni Online. Koma pakatuluka kabokosi kokufunsani kuti muchite Initialize kapena Format kuti disiki igwire ntchito, yankho ndi Cancel, nthawi zonse. Kabokosiko kakungonena kuti Windows yalephera kuwerenga chiyambi cha disiki pa nthawiyo, mwina chifukwa kebulo ikadavutabe.

Tifike pa RAID, pamene pagona nkhani yaikulu. Pa RAID ya Linux, cat /proc/mdstat ikaonetsa UU ndiye kuti zonse zilipo, ikaonetsa U_ ndiye kuti imodzi yatuluka. Disiki yotulukayo siibwerera yokha ngakhale kebulo mwaikonza, chifukwa inatsalira m'mbuyo anzake akulemba. Ibwezereni ndi mdadm /dev/md0 --re-add /dev/sdb1. Ngati gululo lili ndi bitmap, kaundula wa magawo amene asintha, makina amangokopa magawo amene anasintha iyo kulibe, ntchito ya mphindi zochepa. Popanda bitmap imamangidwanso yonse, ndipo masamu ake ndi awa: disiki ya 4 TB pa liwiro la 150 MB pa sekondi imafuna maola opitirira 7, anthu asakugwiritsa ntchito seva. Akamagwiritsa ntchito, tsiku lathunthu likhoza kutha. Maola amenewa muwaganizire mwa kuno kwathu. UPS ya mu ofesi imagwira mphindi, osati maola. Musayambe kumanganso madzulo a Lachisanu jenereta ilibe mafuta. Komanso pa nthawi yomanganso madisiki otsalawo amawerengedwa kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ndiye ngati ina inali ndi gawo loipa lobisika, limatulukira pamenepo. N'chifukwa chake backup imayamba, kumanganso kumatsatira.

Madisiki awiri kapena anayi akatuluka limodzi chifukwa cha kebulo ya mini-SAS ija, gulu limaima, koma deta ikadalipo. Konzani kebulo, imitsani gulu ndi mdadm --stop, kenako pa disiki iliyonse lembani mdadm --examine muone mzere wa Events ndi wa Update Time. Manambala akakhala ofanana kapena osiyana pang'ono, mdadm --assemble --force imawasonkhanitsanso. Imodzi ikatsalira kutali, ndiye kuti inatuluka kalekale popanda woona. Imeneyo isiyeni kunja, mudzaiwonjezere pambuyo. Lamulo limene simuyenera kuliyandikira ndi mdadm --create. Limalemba chizindikiro chatsopano pamwamba pa chakale, ndipo mukalakwitsa ndondomeko ya madisiki kapena kukula kwa zigawo, mwasakaniza ufa ndi mchenga.

Makhadi a RAID monga Dell PERC ndi MegaRAID ali ndi chinenero chawo. Disiki yobwerera imaoneka kuti Foreign, ndipo khadi imakupatsani zosankha ziwiri, Import ndi Clear. Ngati gulu lonse lagwa chifukwa madisiki angapo anazuka limodzi, njira ndi Import: khadi imawerenga chizindikiro cha pa madisikiwo n'kubwezeretsa gulu monga linalili. Clear imafufuta chizindikirocho. Imaloledwa pamene gulu likuyendabe ndipo Foreign ndi disiki imodzi yokha yotsalira, imene mukufuna imangidwenso kuchokera kwa anzake. Onani kaye chithunzi chimene khadi ikuonetsa cha zimene ikufuna kubweretsa, muwerenge ngati madisiki akwana. Khadi ikanena za preserved cache, ikutanthauza kuti ikusungabe zolemba zimene sizinafike pa disiki pamene kebulo inazuka. Musazitaye, bwezerani madisiki, izitsitsa yokha. Zolembazo zimadalira batire kapena capacitor ya pa khadi, ndipo mabatire amenewa kutentha kwa kuno kumawakalambitsa msanga, choncho muziona thanzi lake pamene mukuona la madisiki.

Amene madisiki awo ali m'bokosi lapadera lolumikizidwa pa netiweki kudzera pa iSCSI, kebulo yawo ndi ya netiweki, ndipo kathyoka kapulasitiki kokola ka pulagi n'kokwanira kugwetsa ofesi. Pa Linux, open-iscsi imadikira masekondi 120 isanauze mapulogalamu kuti disiki yapita. Nambalayi ndi replacement_timeout mu iscsid.conf. Mukabwezera kebulo nthawiyo isanathe, ntchito imapitirira ngati palibe chachitika. Pulogalamu ina yoyendetsa maseva, VMware ESXi, imadikira masekondi 140 pa vuto limene imalitcha All Paths Down. Mankhwala enieni ndi njira ziwiri ndi multipath, pulogalamu yoyendetsa njirazo, ndipo multipath -ll izionetsa zonse ziwiri zili zamoyo. Koma makebulo awiri olowa mu switch imodzi, yodya pa soketi imodzi, ndi njira imodzi yovala malaya awiri. Za madisiki a USB olendewera kumbuyo kwa seva sitinenapo zambiri: ndi abwino kunyamulira backup, si osungirapo database.

Chimene chimapweteka kwambiri n'chakuti RAID imabisa matenda. Disiki imodzi ikhoza kutuluka mu Juni, seva n'kumayenda bwinobwino, anthu n'kudzadziwa mu Novembala yachiwiri itatuluka. Yatsani smartd, pulogalamu yolondera SMART, ikani adiresi ya imelo pa MAILADDR mu mdadm.conf, ndipo yesani ndi mdadm --monitor --scan --test --oneshot kuti muone ngati uthenga ukufikadi. Kumene intaneti ndi yodukaduka, munthu azingoyang'ana nyali za kutsogolo ndi /proc/mdstat Lolemba lililonse m'mawa. Matani kapepala ka nambala ya serial pa tileyi iliyonse. Ichotseni seva pansi, muikweze pa shelefu yolimba kutali ndi khoma la jenereta, ndipo fumbi muzilipemerera kunja seva itathima.

Kwa akuluakulu amene amasainira ndalama, pempho lathu ndi laling'ono. Mu diloo ya chipinda cha seva mukhale makebulo awiri a SATA a kachitsulo kokola, kebulo imodzi ya mini-SAS yofanana ndi imene ili m'makinamo, ndi disiki imodzi yapadera yosachepera kukula kwa zimene zilimo. Zinthu zimenezi sizipezeka wamba pa Boma, ndipo kuzidikira kuti zichoke ku Blantyre kudzera ku Zomba ndi Liwonde ndi masiku amene gulu likuyenda ndi mwendo umodzi. Poitanitsa ya mini-SAS yogawikana panayi, nenani bwinobwino mbali imene ikupita. Ilipo ya forward, yochoka pa khadi ya pulagi imodzi kupita ku madisiki anayi, ndi ya reverse, yochoka pa madoko anayi a SATA a pa motherboard kupita ku backplane. Pamaso n'zofanana, zonse zimalowa bwinobwino, koma yolakwikayo sionetsa disiki ngakhale imodzi. Tumizani kwa wogulitsa chithunzi cha mapulagi a mbali zonse ziwiri ndi nambala yolembedwa pa kebulo yakale, ndipo ikafika iyeseni tsiku lomwelo musanaiike mu diloo.

Amisiri a makompyuta,
Mangochi